Woyimba Wasunthira Kumanzere

Lachitatu, 11 Juni

Apongozi aamuna asiya ntchito. Kalata anaipereka dzulo ku sukulu ya nyimbo, yolemba pamanja, mizere isanu. Zaka 41 akuchuna mapiyano, 20 mwa zimenezo pa sukulu yomweyo. Ndamva kwa mkazi wanga tikumwa tiyi, iye wamva kwa amayi ake pa foni. Chifukwa cholembedwa m'kalata: makutu.

Chifukwacho chinachokera kwa ine. Ndilembe mwandondomeko.

Mwezi wa Epulo ampulifaya yawo, yokwezera mawu a zimbale kunyumba, inayamba kuchita tsss mbali imodzi. Yakale, ya mavalavu, timababu tagalasi toyaka mofiira tija. Anaigula ndisanakwatire mwana wawo. Mavalavu awiri a kutsogolo, omwe amayamba kukweza mawu ochokera pa chimbale, anali atatopa. Ndinawaikira atsopano. Ndinasankha pa 24, kuyeza imodziimodzi, mpaka nditapeza awiri olingana ngati mapasa. Mphatso ya tsiku lawo lobadwa, zaka 71.

Patatha sabata ziwiri: “Akamwini, woyimba wasunthira kumanzere.” Chimbale chikamalira, mawu a woyimba amayenera kumveka pakati pa masipika awiri, ngati munthu waima pakhoma pomwepo. Iwo akuti waima cha pazenera.

Ndinaitenga. Masiku awiri pa benchi ya kushopu kwanga, kokonzera makina a nyimbo. Mbali zonse ziwiri mofanana, kusiyana 0.1 ya desibelo, komwe khutu la munthu silingamve. Ndinaibweza. Woyimba akadali pazenera. Ndinaitenganso, chimodzimodzi. Madzulo ake ndinauza mkazi wanga kuti makina ali bwino, mwina ndi khutu lakumanja la bambo. Ndinati mwina. Mwinayo anagwera panjira. Iye anauza alamu, alamu anapita kwa bambo awo ndi nkhani yakupsa kale.

Sindinaname. Manambala ali m'kope la kushopu, tsamba 88.

Lachinayi, 12 Juni

Kushopu zii. Ampulifaya ya kasitomala wina, loya, fyuzi ikungopsa. Waya wa aini yowotcherera wayamba kusupuka, wofunika kusintha.

Alamu pa foni, mawu odzaza chimwemwe. “Alamu, mwatigwirira ntchito. Ife takhala tikuwauza kuti apume, kumva ayi. Koma makina anu awamvera.” Iwo nkhawa yawo ndi mabasi ndi chikwama cha zitsulo zochunira chomwe bambo amanyamula, makilo asanu ndi awiri. Nkhawa yomveka.

Masana ndawerenganso mutu wa makutu m'buku la zomveka. Amuna opitirira zaka 70, mawu okwera amayamba kuthawa, nthawi zina khutu limodzi limatsogola. Buku lili mbali yanga.

Kunyumba mkazi wanga sakulankhula kwambiri. Ndamufunsa ngati wakwiya. Akuti ayi, akungodabwa kuti munthu woyeza ngakhale shuga wa mu tiyi analephera kuyeza mawu ake. Ndamukumbutsa kuti wopita nawo kwa alamu anali iye. Akuti akudziwa, n'chifukwa chake sakulankhula.

Loweruka, 14 Juni

Nkhani yomwe sindinkaidziwa, wandiuza mkazi wanga akusita zovala.

Amene anaphunzitsa apongozi ntchito anagontha pang'onopang'ono. Palibe anamuuza. Zaka ziwiri zathunthu mkuluyo akachuna piyano n'kuchoka, apongozi, ali mnyamata, ankabwerera mwakachetechete kukakonza. Eni mapiyano ankadziwa, onse. Ankamulandira ndi tiyi, kumuthokoza, kenako kudikira kuti atuluke pageti. Mkulu uja anadzazindikira tsiku lina ataiwala chipewa. Anabwerera, n'kupeza wophunzira wake ali pa piyano yomwe iye wangomaliza. Sanalankhulanenso mpaka imfa.

Apongozi akuti analumbira kuti iwo chizindikiro choyamba chokha, basi, asiya. Ndiye sanafune dokotala, sanafune kutsutsana. Tsamba 88 linawakwanira.

Zaka 16 ndili m'banjali. Manambala a mavalavu onse a m'nyumba mwawo ndimawadziwa pamtima. Nkhani iyi ayi.

Lamulungu, 15 Juni

Tinapita kukawaona masana. Amayi ali chigonere kuchipinda, mutu uja wa chaka chatha sukuwasiya. Apongozi pabalaza, nyuzipepala atayala patebulo, zida zonse pamzere: sipanala yochunira, timphira totsekera zingwe, nsanza zofiira, kafoloko kachitsulo kopereka mawu oyambira. Akupukuta chimodzichimodzi ndi mafuta a makina osokera. Akuti apereka ku sukulu, ana aziona.

“Afika adokotala,” anatero nditalowa. Kuseka anasekadi. Ine zinandikanika.

Ndinayamba kufotokoza kuti ndinangoti mwina. Anandidula ndi dzanja. “Musavutike, akamwini. Bola kumva kwa inu kusiyana n'kumva ana a sukulu akunong'onezana.” Kenako anamenya kafoloko pabondo, kuika kukhutu ili, kuika kukhutu ilo. Akuti kwa iwo zikumveka chimodzimodzi. “Koma khutu lomwe likunamalo ndi lomwenso ndikulifunsa. Lingandiuze chiyani?”

Mfundoyo ndi yolondola.

Ampulifaya aivundikira ndi nsalu ya patebulo. Sanaiyatse kuyambira Lolemba. Potuluka nsaluyo inakodwa ku wotchi yanga n'kutsetsereka. Ndikuibwezera ndinaona kadontho ka pensulo pafupi ndi batani la voliyumu, m'munsi kwenikweni, batani likangochoka pa zii. Katsopano.

M'galimoto mkazi wanga analira pang'ono, n'kusiya. Tinagula buledi panjira.

Lachiwiri, 17 Juni

Kadontho kaja.

Ulendo woyamba atadandaula za woyimba, ampulifaya ili pa benchi, panali timadontho tiwiri totero. Ndinatipukuta ndi sipiriti, ndinkati ndi litsiro. Ndimanyadira kubweza makina a anthu ali mbee. Koma wochuna piyano sasiya pensulo pachabe. M'kati mwa piyano iliyonse yomwe anagwira amalembamo tsiku ndi pamene anaisiya. Timadonthoto tinali pamene amaika voliyumu, kena kakale, kena katsopano. Batani tikaliyesa nkhope ya wotchi, kakale kanali cha pa 9 koloko. Katsopano pa hafu pasiti 7.

Ndatsegula kope. Tsamba 88, tsamba 91. Miyeso yonse: voliyumu pa 12 koloko. Ndi mmene ndimayezera makina onse, zaka 22, ndi mmene anandiphunzitsira.

Kuseri kwa batani kuli tinjira tiwiri ta makala, kena ka sipika yakumanzere, kena ka yakumanja, pa chitsulo chimodzi. Pakati timayendera limodzi bwino. Kumunsi kwenikweni, m'makina akale, kamodzi kamatsogola kanzake. Izi ndimauza makasitomala sabata ndi sabata, ena ndimawajambulira papepala.

Chachiwiri, choipirapo. Mavalavu akale anali a mtundu wochulukitsa mawu ka 40. Omwe ndinaikamo ndi a ka 100. Amalowa pa soketi yomweyo, ndi achete, anali abwino koposa onse m'kabati. Ndinkafuna kuwapatsa abwino koposa. Mawu akakula, munthu amatsitsa batani. Anatsitsa kuchoka pa 9 kufika pa hafu pasiti 7, pamalo pomwe tinjira tija timasiyana.

Ngati zili choncho, mavalavu ndi olingana, mita yoyezera sinaname, khutu silinaname. Ndinayeza pamalo pomwe iwo samverapo.

Ngati. Sindiuza aliyense ndisanayeze. Mwina mmodzi wakwana mwezi uno.

Mkazi wanga akuti konsati ya sukulu ili pa 28. Mkulu wa sukulu waitana kale wochuna wina wochokera kutali.

Sindinadye masana. Fyuzi ya loya yapsanso, vuto lili ku thiransifoma.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinatseka shopu 2 koloko. Mita ndi kabokosi kopereka mluzu woyezera m'chikwama. Apongozi anatsegula chitseko atavala masilipasi. “Mwabwera kudzayeza wodwala kapena maliro?” Ndinati ndabwera kudzayeza ntchito yanga. Anandisiya.

Pabalaza pawo pomwepo, mawaya awo omwewo. Mphindi 20 kuti mavalavu atenthe. Iwo anadikira akuwerenga nyuzipepala yadzulo.

Batani pa 12 koloko: kusiyana 0.1.
Pa 9 koloko: 0.6.
Pa kadontho: 4.5, kumanzere kukuposa.

Ndinabwereza katatu.

Mluzu uja, batani lili pa 12 koloko, unadzutsa amayi. Anatuluka atamanga mpango kumutu. “Ndani akuphera mbalame m'nyumba mwanga?” Ndinapepesa, ndinafunsa ngati bambo amakweza chonchi. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Akuti khoma la kuseri kwa masipika ndi lomwelo la kumutu kwa bedi lawo. Chiyambire kudwala, bambo amamvera nyimbo ngati wakuba. “Nthawi zina ndimadzuka kudzaona ngati akupuma.”

Chaka chathunthu akumvera motero. Sindinafunsepo. Pa fomu yomwe ndimadzaza polandira makina pali mzere wa mtundu wa masipika, wa kutalika kwa mawaya, wa kukula kwa chipinda. Wa ichi palibe.

Manambala apongozi anawayang'ana ngati a munthu wina. Akuti mwezi watha manambala ankanena zina, lero akunena zina, iwo akhulupirire ati? Funso labwino. Ndinawapempha aike chimbale chawo cha masiku onse, cha mayi woyimba ndi piyano yokha, voliyumu pa kadontho. Woyimba pazenera, kukhutu lakumanzere. Kenako ndinawapempha atembenuze mpando, apereke msana kwa masipika. Likakhala khutu, woyimba atsala kumanzere kwawo. Akakhala makina, awolokera kukhutu lakumanja.

Anakhala nthawi yaitali atatsinzina, msana uli kwa ine. Kenako anakweza dzanja lamanja, chala chimodzi, kuloza pazenera.

Kuyesa kopanda mita, kopanda waya, kwa mphindi imodzi. Ndikanachita mu Meyi.

Ndinafotokoza zonse, za tinjira, za mavalavu a ka 100, za sipiriti. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Amayi anati, “Ndiye mwaona, mwakhala mukundivutitsa ndi nkhope ya maliro pachabe,” n'kupita kukateleka madzi.

Titatsala awiri anati: “Kulakwitsa sindikukuwerengerani, ine ndadulapo zingwe zambiri. Koma bwanji munakauza mwana wanga, osandiuza ine? Pa benchi panu ndinabwera kawiri.”

Ndinati ndinkachita ulemu. Anati ulemu umenewo anauonapo kale, amaupereka ndi tiyi.

Ampulifaya ndabwera nayo. Za kalata sanatchule, inenso sindinatchule.

Lachisanu, 20 Juni

Masiku awiri pa mavalavu a ka 40. Masiku ano ndi osowa. M'kabati ndinali nawo 7, mnzanga wokonza magitala a magetsi wandibwereka 4. Onse 11, akale koma osagwirapo ntchito, timabokosi tachikasu tofumbwa m'makona.

Iliyonse mphindi 20 kutentha, kuyeza, kulemba, kuigogoda pang'ono ndi chofufutira cha pensulo kuti ndimve ngati ikulira yokha. Itatu yolira, pambali. Imodzi yakufa. Pa 7 otsala, nambala 2 ndi nambala 9 ndiwo ayandikana. Pa makina oyezera panali awiri ena ooneka bwino kuposa awa, koma nditawaika mu ampulifaya yeniyeniyo anasiyana. Ndatenga 2 ndi 9.

Batani ndaliyeza malo asanu ndi atatu, kuyambira pa 7 mpaka pa 2 koloko. Kukula kwa mawu komwe apongozi amamvera tsopano kukugwera pakati pa 9 ndi 10. Kusiyana 0.4. Batani lenilenilo ndikanalisintha, koma latsopano silimveka chimodzimodzi m'dzanja, ndipo dzanja lawo lalizolowera zaka 30. Ndalisiya. Nkhope ya ampulifaya sindinaipukute.

Alamu pa foni, mawu ena. “Alamu, mwayambanso? Munthu tamukhazika pansi bwinobwino, inu mukukamudzutsa. Akakagwa pa sitepe ya basi mudzayeza chiyani?” Ndinati sindinawauze kuti abwerere ku ntchito, ndangowauza kuti makutu awo ali bwino. “Kwa bambo zimenezo ndi chimodzimodzi, mukudziwa.” Ndikudziwa. Akuti ndikanangokhala chete, aliyense akanapuma. Mwina n'zoona. Koma 4.5 ndinaiona.

Mkazi wanga ndinamuuza Lachitatu madzulo. Anati, “Ndiye wogontha ndi uti apa?” Lero wandibweretsera chakudya kushopu, koyamba chaka chino. Anakhala pa situlu akuonerera mavalavu akuyaka. Akuti akufanana ndi timakandulo ta pa keke. Kenako anafunsa ngati bambo abwerere ku ntchito. Ndinati sindikudziwa. Akuti akuyamba kuwakonda mawu amenewa pakamwa panga.

Loweruka, 21 Juni

Ndaibweza m'mawa. Kulumikiza, kudikira, chimbale chomwe chija. Batani anapotokola okha, pang'onopang'ono, khutu lina lili kuchipinda kwa amayi. Anaima patangopitirira 9. Anamvera nyimbo yonse mpaka kutha. Kenako anatulutsa pensulo m'thumba la shati, kadontho. “Wabwerera pamalo pake. Wanenepa pang'ono, koma ndi yemweyo.” Kunenepako sindikukuona pa mita. Sindinatsutse.

Ndimayembekeza kuti apa atchula za sukulu. Anayamba nkhani ina.

Sabata yomwe alamu anawauza za khutu, anali ndi piyano ya pa hotela ina. Ntchito ya ola ndi theka. Inawatengera maola anayi. Chingwe chilichonse akachifikitsa, amabwerera, kumveranso, kukhudzanso sipanala, kuchisokoneza, kuyambiranso. Woperekera zakumwa anawabweretsera madzi kawiri, kachitatu anafunsa ngati aitane munthu. Kalata anailemba atachoka kumeneko.

“Khutu lili bwino, ndamva, ndavomera. Koma ntchito iyi, akamwini, si kumva kokha. Ndi kumva n'kuchotsa dzanja. Ine dzanja linayamba kukana kuchoka.”

Ndinati chomwe chinayambitsa kukayikako chachoka, ndiye kukayikako kuyenera kuchokanso. Anandiyang'ana ngati mmene ndimayang'anira kasitomala wonena kuti waya wagolide umakometsa mawu. Akuti mavalavu amazula n'kuika ena, izi sakudziwa ngati zimazuka.

Zida zikadali patebulo, pa nyuzipepala. Ku sukulu sanapereke. Amayi akuti akudyera pa mpando masiku asanu ndi limodzi tsopano chifukwa cha zitsulo zimenezi, wina asankhe chochita nazo asanazitaye kudzala.

Pobwerera ndinaima pa sitolo ya mabuku. Ndinayang'ana shelefu ya za ubongo mphindi khumi. Ndinatuluka chimanjamanja.

Lolemba, 23 Juni

Apongozi aimbira okha foni mkulu wa sukulu m'mawa uno. Tamva madzulo, tinapita kukasiya mankhwala a amayi.

Piyano yaikulu ya mu holo yapita kwa wochuna wina uja, abwera Lachinayi, anagwirizana kale. Apongozi akuti sanaipemphe n'komwe. Apempha ya m'chipinda chachitatu, yoimirira, yomwe ana oyamba kumene amaimenya tsiku lonse. Yoipa kuposa zonse pa sukulupo, zikhomo zokungira zingwe zolobodoka, ili pafupi ndi zenera la dzuwa. Mkulu wa sukulu anadabwa, anavomera. Kalata akuti ili pa desiki pake, aipititsa ku komiti Lachitatu.

Lamulo adziikira okha: akaimaliza maola awiri asanakwane, osabwerera pa chingwe chomwe achisiya, akalowa mu ofesi kukaitenga kalatayo. Akapitirira, aisiya pomwepo, ndi zida zomwe.

Ndinayamba kunena kuti muyeso umenewu si wachilungamo, piyano ya zikhomo zotero ingachedwetse aliyense, pamafunika zitatu kapena zinayi kuti munthu aone chenicheni. Mkazi wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinamalizira m'kapu ya tiyi.

Ndinati ndiwaperekeze pa galimoto. Akana. Akuti chikwama akachinyamulitsa wina, alamu apeza umboni. Alamu sakudziwa, amayi akuti adzawauza zikatha.

Zida zabwerera m'chikwama, tebulo layera. Amayi asita shati yawo yoyera. Potsazikana apongozi anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa masiku onse, kenako anafunsa ngati wotchi yanga imayenda bwino. Yawo akuti imathamanga. Ndavula, ndawapatsa.

Mawa akwera basi ya 7 koloko. Chipinda chachitatu amatsegula 8. Thiransifoma ya loya yafika, ndiyamba nayo m'mawa, foni ili pa benchi. Ikamakwana 10, maola awo awiri akhala atha, ine ndikhala ndikudikira kuti foniyo ilire.